John Tenniel: munthu wa diso limodzi amene anapatsa Alice nkhope

Mkangano wake unabuka Loweruka m'mawa pa kaunjika, mumsika wa Zomba. Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 2, anasolola tisheti yoyera pansi pa mulu. Pachifuwa pake panali kalulu ataimirira ndi miyendo iwiri ngati munthu, atavala jekete, ambulera ili kukhwapa, maso ali pa wotchi ya m'thumba. Chithunzicho chinalibe utoto. Munali timizere takuda tokhatokha, tothithikana ngati ulusi wa nsalu.

"Amalume, izi ndi za AI izi," anatero mtsikanayo. "Dzanja la munthu silingalembe timizere tating'ono chonchi."

Mayi wogulitsayo sanadikire kuti ine ndiyankhe. "Iyayi mwanangu, ameneyo ndi wa Disney. Timawaona m'mabelo tsiku ndi tsiku."

Onse awiri anaphonya, ngakhale kuti mayiwo anayandikira pang'ono. Kalulu ameneyo anajambulidwa ndi pensulo pa kachipika ka mtengo, ndipo womujambula anali mwamuna wina wa ku London amene ankaona ndi diso limodzi. Anasindikizidwa koyamba mu 1865 m'buku la nthano ya mtsikana wotchedwa Alice, Walt Disney asanabadwe, Zomba isanakhale boma. A Britain analengeza kuti dziko lino lili m'manja mwawo mu 1891, kaluluyo ali kale ndi zaka 26 akuyang'ana wotchi yake. Dzina la wojambulayo ndi John Tenniel. Ambiri sitilidziwa, koma ntchito yake timaivala, timaionera pa TV, ndipo katuni imene timathamangira kuona mu nyuzipepala ili ndi magazi ake.

Wojambula wake uti?

Mawu akuti "kujambula" timawasenzetsa katundu wambiri. Mnyamata wa kamera amene amadikirira ku Chirunga tsiku lolandira madigiri ndi wojambula. Wolemba zikwangwani za malo ometera ku Chinamwali ndi wojambula. Wopaka utoto pa nsalu n'kukagulitsa kwa alendo kuphiri ndi wojambulanso, ndipo oimba nawo amati akukajambula nyimbo. N'chifukwa chake tikamva zoti wina anali wojambula wotchuka, aliyense amaganiza zake.

Tenniel anali wa mtundu umene pa Chingerezi amati illustrator, kutanthauza munthu amene amapatsidwa mawu olembedwa ndi wina, kaya ndi nthano, ndakatulo kapena nkhani ya m'magazini, kuti awapezere chithunzi chosindikizidwa pambali pake. Nkhani sasankha yekha. Kukula kwa malo patsamba amachita kuuzidwa, tsiku lomalizira ntchito amachitanso kuuzidwa. Ali ngati woimba ng'oma pa gule: nyimbo si yake, bwalo si lake, koma chiuno cha wovina chimatsata dzanja lake.

Mphamvu ya ntchito imeneyi imaoneka bwino tikaganizira nthano zathu. Agogo akamasimba za Kalulu ndi Fisi madzulo, ana khumi amene akhala mozungulira moto amaona akalulu khumi osiyana m'mitu mwawo. Wina amamuona wonenepa, wina wowonda, wina atavala kabudula. Palibe amene walakwa. Koma tsiku limene nthanoyo ilowa m'buku, wina n'kujambula Kaluluyo, ana onse owerenga bukulo amayamba kuona Kalulu mmodzi, ndipo amakula naye mpaka imvi. Amene tinaphunzira Chingerezi ndi Timve ndi Tsala tikhoza kutseka maso n'kuwaona, koma ndi angati a ife amene tinafunsapo kuti anawapatsa nkhope ndani?

Diso limene bambo ake sanadziwe

Tenniel anabadwa pa 28 Febuluwale 1820 ku London. Bambo ake ankaphunzitsa anthu kuvina ndiponso masewera olimbana ndi malupanga opyapyala, amene kunsonga kwake amaikako kabatani kuti asabaye. Mu 1840, bambo ndi mwana akuyeserera, kabatani kaja kanagwa, lupanga n'kukhudza diso lakumanja la mnyamatayo. Disolo linasiya kuona. Iye sanawauze bambo ake kukula kwa ngoziyo, poopa kuti angadziimbe mlandu moyo wawo wonse.

Sukulu ya zojambula ya Royal Academy analowako, koma kaphunzitsidwe kake sikanamusangalatse, moti zambiri anadziphunzitsa yekha. Ankapita kukaona ziboliboli ku British Museum ndi nyama kumalo osungirako nyama, n'kumangoyang'anitsitsa. Akabwerera kunyumba ankajambula za m'mutu. Chizolowezi chimenechi anakhala nacho mpaka kukalamba: anzake ankaika munthu patsogolo pawo kuti azimuonera, iye ankadalira zimene diso lake limodzi linasunga.

Maloto ake poyamba anali ojambula zithunzi zikuluzikulu za m'makoma. Nyumba ya Malamulo ya ku Britain itapsa mu 1834, boma linachititsa mipikisano yofuna anthu okongoletsa nyumba yatsopano, ndipo mu 1845 Tenniel anapata mapaundi 200 ndi mwayi wojambula pa khoma limodzi mmenemo. Koma chimene chinasintha moyo wake ndi ntchito yooneka yaing'ono. Mu 1848 anajambula zithunzi za buku la nthano za Aesop, nthano za nkhandwe, mikango ndi akamba zofanana kwambiri ndi zathu. Nyama zake zinkaoneka nyama zenizeni, koma nkhope zake zikulankhula ngati anthu. Akuluakulu a magazini ya Punch anaziona n'kusunga dzina lake.

Punch ndi chiyambi cha katuni

Punch inali magazini yanthabwala yotuluka sabata iliyonse, ndipo inayamba mu 1841. Mawu akuti katuni, amene lero timatchulira chithunzi choseketsa cha mu nyuzipepala ngakhalenso tizidole toyenda pa TV, anapeza tanthauzo limeneli m'magazini yomweyi. Kale ankatanthauza chithunzi choyeserera chimene mmisiri amajambula papepala lalikulu asanakwere pakhoma. Mu 1843 boma linaonetsa zithunzi zoyeserera za Nyumba ya Malamulo ija, ndipo John Leech wa Punch anajambula amphawi ovala sanza atasochera m'chipinda chodzaza zithunzi zamtengo wapatali, n'kuchitcha katuni yoyamba. Funso lake linali lakuti anthu anjala adya zithunzi kodi? Dzinalo linakakamira.

Mu 1850 mmodzi wa ojambula a Punch, Richard Doyle, yemwe anali Mkatolika, anasiya ntchito chifukwa magaziniyo inkanyoza Papa. Malo ake anatenga Tenniel. Leech atamwalira mu 1864, Tenniel anakhala mwini wa katuni yaikulu ya ndale, yodzaza tsamba lonse, ndipo anaigwira mpaka anapuma kumayambiriro kwa 1901. Zaka 50 pa magazini imodzi, makatuni a ndale oposa 2,000.

Mutu wa katuni sankasankha yekha. Lachitatu lililonse madzulo, mkonzi, alembi ndi ojambula ankadyera limodzi pa tebulo lalikulu, n'kukambirana ngati bwalo la kwa mfumu mpaka atagwirizana kuti sabata ino tinena zakuti. Tenniel sankalankhulapo kwambiri. Ankamvetsera, n'kunyamula chigamulocho kupita nacho kunyumba.

Kuchoka pa pensulo kufika papepala

Apa ndi pamene pali yankho la timizere tija, ndipo kuti timve bwino tiyambire pafupi. Tsiku lina ndinaima kwa mnyamata wosema zidindo pakhonde la sitolo m'tauni muno. Anali ataweramira kachidutswa ka labala, lezala lili m'manja, akudula zilembo zoyang'ana kumbuyo.

"Achimwene, bwanji mukulemba chobwerera?"

"Bambo, ndikalemba chowongoka, papepala chituluka chopotoka. Ndiye ndimachotsa paliponse pamene sindikufuna inki. Chotsalacho ndiye chidindo."

M'mawu awiri amenewo anafotokoza ntchito yonse yosindikiza zithunzi m'nthawi ya Tenniel. Kamera inalipo kale, koma njira yoika chithunzi cha kamera pa makina osindikizira limodzi ndi zilembo inali isanafale. Zilembo zinali tizitsulo totukuka pamwamba, todzozedwa inki n'kudindidwa papepala. Chithunzi nacho chinayenera kukhala chidindo chotalika mofanana ndi zilembozo, kuti zonse zidindidwe kamodzi.

Chidindocho chinkasemedwa pa mtengo wolimba kwambiri wotchedwa boxwood. Sankaudula motsata utali wake ngati thabwa la chitseko. Ankaudula mopingasa, pamene pamaoneka mizere yozungulira ngati pa chitsa, chifukwa pamenepo mpeni umayenda mbali iliyonse osang'amba. Amene anaonapo osema ziboliboli akulimbana ndi phingo akudziwa kuti mtengo wolimba ndi umene umalola timizere tating'ono. Njira imeneyi anaitukula Thomas Bewick chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Vuto lake, mtengowu sukula kwambiri. Chithunzi chachikulu chinkafuna tizipika tingapo tomangidwa pamodzi ndi mabawuti, ndipo ntchito ikakhala yachangu ankatimasula, wozokota aliyense n'kutenga kake, kenako n'kutilumikizanso. Wina ankatha tsiku lonse akuzokota mwendo wa munthu amene mutu wake uli pa tebulo la mnzake.

Sabata ya Tenniel inkayenda chonchi. Lachitatu usiku walandira mutu. Lachinayi akuusinkhasinkha n'kuyeserera papepala. Lachisanu m'mawa amasamutsira chithunzicho pa chipika, chotembenuzidwa ngati zilembo za pa chidindo zija, n'kukhala tsiku lonse mphuno ili pamtengo, akujambula ndi pensulo yolimba yosongoka. Madzulo ake mnyamata wa kwa Joseph Swain, mkulu wa ozokota a Punch, amabwera kudzatenga. Pofika Loweruka usiku ntchito yozokota yatha. Wozokota amachotsa mtengo wonse umene uli pakati pa mizere ya pensulo, n'kusiya mizereyo itaima yokha ngati mizere ya m'munda.

Inki ndi yakuda, pepala ndi loyera, zapakati palibe. Ndiye mthunzi wa pansi pa chibwano kapena mdima wa m'nkhalango ankaupeza poyandikizitsa mizere ndi kuipingasitsa, monga lichero limene nsungwi zake zikathithikana kuwala sikudutsa. Kumene mizere yatalikirana, diso limaona kuwala. Kumene yapanikizana, limaona mdima. Timizere timene mwana wa mchemwali wanga anati ndi ta kompyuta ndi timeneti, ndipo kampata kalikonse koyera pakati pake kanakumbidwa ndi dzanja la munthu.

Zindikirani chinthu chimodzi chowawa: chithunzi chenicheni chimene Tenniel wajambula pa chipika chinkawonongeka pozokota. Chimene owerenga ankaona ndi kumasulira kwa wozokota. Iye mwini anasimba kuti magazini ikafika kunyumba Lolemba usiku, analibe mtima woitsegula. Ankaisiyira mchemwali wake, iye n'kungosuzumira kamodzi, mtima n'kumupweteka monga sabata iliyonse.

Kuchedwa kwa masiku amenewa kunali ndi ngozi inanso. Katuni yoganiziridwa Lachitatu inkafika kwa anthu sabata yotsatira, ndiye nthawi zina ankachita kulosera. Mu Febuluwale 1885 Punch inatulutsa chithunzi cha Tenniel chosonyeza Charles Gordon, mkulu wa asilikali amene anazingidwa ku Khartoum m'dziko la Sudan, akulandira omupulumutsa. Koma mzindawo unali utagwa kale pa 26 Januwale, Gordon ataphedwa, ndipo uthenga unafika ku London chithunzicho chitasindikizidwa. Sabata yotsatira anatulutsa china cha mutu wakuti "Too Late!", ndiko kuti tachedwa.

Alice: zithunzi 92 zimene zinaphimba zina zonse

Charles Dodgson anali mphunzitsi wa masamu ku Oxford, ndipo polemba nthano ankadzitcha Lewis Carroll. Nthano yake ya mtsikana wotsatira kalulu kudzenje anayamba kuisimbira ana m'bwato mu Julayi 1862, kenako anailemba pamanja n'kujambulamo yekha. Atafuna kuisindikiza anaona kuti dzanja lake silikwanira, ndipo mu 1864 anapita kwa Tenniel, katswiri wa nyama zovala zovala. Buku la Alice's Adventures in Wonderland linatuluka mu 1865 ndi zithunzi 42. Lachiwiri, Through the Looking-Glass, linatuluka kumapeto kwa 1871 ndi zithunzi 50. Ozokota anali abale a banja la Dalziel.

Amene anali wotchuka pa awiriwa nthawi imeneyo anali wojambula, osati wolemba. Umboni wake ndi uwu. Mabuku 2,000 oyamba atasindikizidwa ku Oxford, Tenniel anaona kuti zithunzi zake sizinatuluke bwino, ndipo anadandaula. Carroll, amene ankalipira yekha ndalama zosindikizira, anaimitsa kugulitsa, n'kuyambitsa ntchito yonse kwa wosindikiza wina. Mapepala okanidwawo anakagulitsidwa ku New York. Mwa mabuku oyambirira aja, otsala lero ndi ongopitirira pang'ono 20, ndipo amagulidwa pa mtengo woti mungamangire sukulu. Pa buku lachiwiri Tenniel anafika pouza wolemba kuti gawo lina, la mavu ovala tsitsi loikirira, silikumusangalatsa ndipo sakuona pojambulira. Carroll analichotsa, ndipo anthu anadzaliwerenga mapepala ake atapezeka mu 1974.

Chifukwa chiyani wolemba ankagonja chonchi? Mukawerenga bukulo muona kuti Carroll safotokoza kwambiri maonekedwe a anthu ake. Pena, atatchula chilombo china chachilendo, amangouza mwana wowerenga kuti ngati sakuchidziwa ayang'ane pachithunzi. Munthu wina wa m'nthanoyi, wosoka zipewa wopenga, amadziwika dziko lonse ndi chipewa chachitali chokhala ndi kapepala ka mtengo kolembedwa 10/6, masheleni khumi ndi mapeni asanu ndi limodzi, ndalama zimene agogo athu ankagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971. Kapepala kameneko m'mawu a nthano mulibe. Kali m'chithunzi mokha. Kansalu komangira tsitsi kamene Angerezi amakatcha Alice band kanatenga dzina pa zithunzi za buku lachiwiri.

Luso la Tenniel, mmene ine ndimaonera, lili pa kusaseka. Nkhaniyo ndi ya maloto, zinthu zosatheka zokhazokha, koma iye anazijambula mwaulemu ngati akujambula nduna. Kalulu uja miyendo yake ndi ya kalulu weniweni, jekete lake lili ndi makwinya pamene jekete limakwinyika, nkhope yake ndi ya kalaliki amene wachedwa kuntchito. Wosimba nthano waluso sayamba kuseka yekha, ndipo ndi nkhope yake youma imene imagwetsa ana ndi phwete.

Ankasewera ndi tsamba lomwe. Pamene Alice akulowa m'galasi loonera, chithunzi chimodzi chili kutsogolo kwa pepala, china kuseri kwa pepala lomwelo pamalo omwewo, moti mwana akatembenuza tsamba amakhala ngati wamulowetsa yekha. Chilombo china cha m'buku lachiwiri chinatuluka choopsa kwambiri, mwakuti Carroll anayamba wafunsa amayi pafupifupi 30 ngati n'choyenera kukhala patsamba loyamba. Chinasunthidwira mkati.

Zipika za mabuku awiriwa sizinaikidwe pa makina, kuopa kuti zingaperepeseke. Ankazidinda pa phula kuti apeze chikombole, monga cha njerwa, ndipo m'chikombolemo ankakutiramo mkuwa pogwiritsa ntchito magetsi. Chidindo cha mkuwacho ndicho chinkapita kukasindikiza, chikatha n'kupanga china. N'chifukwa chake zipika zenizeni zilipo mpaka lero ku British Library, zitakhala zaka zambiri m'chipinda chosungira chuma kubanki.

Mkango, kambuku ndi nkhope za anyani

Anthu a m'nthawi yake sankamuona ngati wojambulira ana. Kwa iwo anali munthu amene ankauza Britain maganizo ake Lachitatu lililonse. Katuni yake yotchuka kwambiri inatuluka mu Malichi 1890, mfumu yachinyamata ya Germany, Wilhelm II, itachotsa Otto von Bismarck pa udindo wa nduna yaikulu. Bismarck ndi yemwe uja anaitanitsa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, umene unaika malamulo ogawirana Africa. Tenniel anamujambula ngati mkulu wodziwa njira za pamadzi amene akutsika makwerero a sitima, mfumuyo itatsamira pamwamba, ikumuyang'ana mosalabadira. Aliyense amene anakwerapo bwato pa Kachulu kupita ku Chisi akudziwa tanthauzo lotsitsa munthu wodziwa pamene pali matope. Mutu wake, "Dropping the Pilot", unasanduka mwambi, ndipo ojambula akhala akubwereza chithunzichi nthawi zonse mtsogoleri akataya nkhalakale yake.

Koma dzanja lomwelo linajambulanso zina. Mu 1857, asilikali a ku India ataukira ulamuliro wa Britain, anajambula mkango wa Britain ukulumphira kambuku wa ku India amene waima pa mayi ndi mwana. Chithunzicho chinali kuitanira kubwezera, ndipo kubwezerako kunachitika mwankhanza. Anthu a ku Ireland omenyera ufulu wawo ankawajambula ndi nsagwada zotuluka ndi nkhope za anyani, pamene Britain anali mayi wamtali wodekha. Luso lija lopatsa nyama nkhope ya munthu linatembenuzidwa, n'kupatsa anthu nkhope ya nyama.

Akatswiri a mbiri amasiyana pa mlandu umenewu. Ena amati Tenniel anali mmisiri wolembedwa ntchito, mutu unkachokera pa tebulo la Lachitatu, ndipo iye mwini ananenapo kuti maganizo ake a ndale amasunga mumtima, amene amaonetsa ndi a magazini. Ena amayankha kuti tebulo linkapereka mutu, koma kutalika kwa nsagwada ankasankha ndi amene wagwira pensulo, ndipo chithunzi chimalowa m'mutu mwa munthu msanga kuposa ndime khumi za mawu.

Ife a ku Zomba nkhani imeneyi siili kutali nafe. Katuni ya Punch imene ana a sukulu amaiona m'mabuku a mbiri, ya Cecil Rhodes atatangadza Africa, phazi lina ku Cape lina ku Cairo, waya wa telegalafu uli m'manja, ambiri amaiika pa dzina la Tenniel. Si yake. Anaijambula Linley Sambourne mu Disembala 1892, yemwe anadzalowa m'malo mwa Tenniel mu 1901. Koma inachokera pa tebulo lomwe lija, ndipo waya umene uli pachithunzipo unadutsadi ku Blantyre ndi kuno ku Zomba, n'kulowera kunyanja mpaka ku Karonga. Mabwana amene ankakhala m'nyumba za m'munsi mwa phirili anakulira pa zithunzi zoterezi, ndipo anafika kuno ali kale ndi chithunzi cha Mwafirika m'mutu.

Zimene anasiya, ndi mwini wake lero

Mu 1893 Mfumukazi Victoria inamupatsa ulemu wa Sir, woyamba kuulandira pa ntchito ya makatuni ndi zithunzi za m'mabuku. Ntchito imene inkaonedwa ngati ganyu wa ojambula olephera inayamba kuwerengedwa. Pa phwando lotsazikana naye mu 1901, limene analitsogolera wandale wotchuka Arthur Balfour, Tenniel anaimirira kuti athokoze, mawu n'kumukanika, n'kukhala pansi. Diso lotsala lija nalo linafooka mpaka anasiya kuona. Anamwalira pa 25 Febuluwale 1914, kutatsala masiku atatu kuti akwanitse zaka 94.

Njira yake ya katuni, chithunzi chimodzi chonyamula nkhani yaikulu ya sabata, atsogoleri odziwika ndi mphuno kapena chipewa chawo, maiko ovala matupi a nyama, ndi imene manyuzipepala a m'maiko olamulidwa ndi Britain anatengera. Kwathu kuno tinakula ndi Joza wa Vic Kasinja ndi Pewani wa Brian Hara, kenako Amtchona wa James Kazembe, ndipo zipani zambiri zitaloledwa mu 1993 ojambula anayamba kugwira nkhope za andale poyera. Nthabwala zake ndi zathu, chilankhulo ndi chathu, koma chikombole chake n'chakale chija.

Mayi wa kaunjika uja anayandikira chifukwa filimu ya Disney ya 1951 inamanga pa maziko a Tenniel: epuloni ya Alice, chipewa cha 10/6, kalulu ndi wotchi yake. Diresi la buluu lokha si lake. Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera, ndipo pamene zinapakidwa utoto m'buku la ana aang'ono la 1890, diresilo linali lachikasu.

Nanga bwanji fakitale iliyonse ikungodinda kalulu ameneyu pa tisheti osalipira? Lamulo la umwini wa luso limateteza ntchito ya munthu ali moyo ndi zaka zina atamwalira, kenako imakhala ya aliyense. Lamulo lathu la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limapereka zaka 50 munthu atamwalira. Za Tenniel zinadutsa kalekale. Za Disney zikadali ndi eni ake. Chimodzimodzinso chithunzi cha m'buku la Sitandade 3 lokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kapena katuni ya dzulo imene yazungulira pa WhatsApp dzina la wojambula litadulidwa: zimenezo zili ndi mwini, kaya ndi wojambulayo kapena amene anamulemba ntchito, malinga ndi pangano lawo.

Pa zithunzi zambiri za Alice, mukayang'anitsitsa m'munsi, mupeza zilembo J ndi T zolukana, ndipo chapafupi pali dzina lakuti Dalziel, la ozokota aja. Nditamuuza zimenezi, mwana wa mchemwali wanga anayala tisheti ija pa mulu n'kuyamba kufufuza ndi chala kuzungulira mapazi a kalulu, mayi wogulitsa nawo ataweramira pomwepo. Sanapeze kanthu. Amene anadinda tishetiyo anadula udzu wa pansi pamodzi ndi zonse zimene zinali pamenepo.

"Ndiye muchotseko mtengo, amayi, ndi yosakwanira," anatero mtsikanayo.

Anamuchotseradi pang'ono.